Bungwe la Parishi ku Rosettenville

Misa yatha. Akhala kuseri kwa tchalitchi
pa mipando ya pulasitiki.
Magetsi athima; Mayi Nachisale ayatsa foni
kuti mlembi aone mzere.

Nkhani yoyamba: denga likudontha paguwa.
Yachiwiri: Fulujensiyo ali ku mochale
sabata yachitatu tsopano, alibe chitupa,
ndipo amake ku Ntcheu akufunsa za galimoto.

Denga lidikire,
beseni lilipo.

Chipewa cha msungichuma chizungulira:
marandi makumi awiri, asanu,
zachitsulo zokwerera takisi mawa.
Mlonda wa ku Yeoville avula wotchi.
"Lembani, koma dzina ayi."

Mlembi alemba: wotchi imodzi, ikuyenda.

Kunja matakisi a Joni akuliza mahutala,
samudziwa Fulujensiyo.