Yathunthu Kapena Pasikelo

Ndazitulutsa pakhonde m'mawa uno
nkhungu isanachoke ku Chiputula,
ng'oma zisanu ndi mbale zake ziwiri zamkuwa.
Ndazipukuta ndi malaya akale a bandi,
ofiira aja tinasoketsa kwa telala Msowoya
chaka chimene tinkaimba ku Katoto Loweruka lililonse
mpaka atambala kutilanda nyimbo.

Denga likudontha malo atatu.
Mvula ya kuno siodira pakhomo.
Malata khumi ndi anayi, watero kalipentala,
misomali osawerengera.
Zala zangazi nyamakazi yazipinda ngati nyemba zouma,
kamtengo kamagwa ndisanawerenge kufika zinayi.

Oyamba kufika ndi abusa Kanyinji
a tchalitchi cha m'tenti ku Luwinga.
Akufuna yaikuluyo, yoponda ndi phazi, basi.
Akuti ziwanda zimamva imene imagunda pachifuwa,
zinazo n'zam'mabala.
Ndalama zili mu envelopu, zachopereka,
zofewa ndi thukuta la manja ambiri.

Kenako mnyamata wa situdiyo, ndolo kukhutu,
wagogoda mbale ndi chikhadabo, n'kutsinzina:
"Madala, mkuwa uwu anasiya kupanga.
Ndipatseni iyi yokha."
Zinazo sanaziponyere n'diso lomwe.
Wogula zitsulo zakutha wa ku Zolozolo
wanyamula miyendo yake ngati akuyesa nkhuku,
akuti iye amagula pa kilo.

Mlamu wanga Tiyezge amagulitsa nyama mumsika,
masamu amawadziwa.
Akuti ng'ombe yamoyo ili ndi mtengo umodzi,
koma ikagwa, chiwindi chili ndi wake,
mang'ina ali ndi wawo,
ngakhale chikopa chimapeza mwini.
"Dula, mlamu. Malata ugula, chenji n'kutsala."
Walemba pa chikatoni, waphatikiza kawiri.

Zikukwanadi.

Koma sadziwa kuti kang'onoka, ka mawaya kumimba,
kamayankhula pokhapokha yaikulu ikafunsa;
kuti ndikaponda apa, zonsezi zimanjenjemera
popanda wozikhudza,
monga amachitira ana bambo akatsokomola kuchipinda.
Chipsera ichi pambalipa ndi ndudu ya Gomezgani wa gitala,
usiku uja lole inatifera m'Chikangawa
tinagona titakumbatira zida, mano akugundana.
Tinakamuika ku Ekwendeni, papita zaka khumi ndi ziwiri.
Chipsera chimenechi ndichiike pa sikelo iti?

Chakumadzulo kwabwera Temwanani wa kwa a Harawa,
wa Fomu 2, uja amasokosa ndi zidebe
ndi zivindikiro kuseri kwa sukulu.
Wakhala pampando osapempha.
Phazi silikufika bwino pa chopondera,
komabe waponda, dzanja layankha, mbale yaseka,
agalu a m'Chiputula monse ayamba kuuwa
ngati kale.

Bambo ake ndi a kabaza.
Atambasula mpango: ndalama ya malata asanu ndi limodzi.
"Zonse pamodzi, kapena tisiye.
Mwanayu sangaphunzire kuyenda ndi mwendo umodzi."

Asanu ndi limodzi.
Ndiye kuti chipinda chogona chokha,
pabalaza mabeseni apitirize ganyu.
Ndawauza kuti ndigonere.
Tiyezge wapukusa mutu, watenga chikatoni chake.

Usiku yabwera, monga mwa chizolowezi chake.
Abusa ati afika mawa eyiti koloko,
wa situdiyo watumiza kale uthenga kawiri.
Ndagona chagada, ndikumvetsera madontho:
beseni lachitsulo likuti ti,
lapulasitiki likuti du,
poto wa pakona akuchedwerako pang'ono
ngati Gomezgani akalawa.

Zitatu, mawu osiyana, denga limodzi lobooka.
Sindinasankhe kanthu ayi.
Koma pansi pa bulangeti
phazi langa layamba kale kuponda.