Pomwe Dzanja Silifika

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinasankha fodya
m'zigafa za ku Chamama.
Chala chikangokhudza tsamba chinkadziwiratu:
ili lamwa mvula, ili lapsa, ili ndi la kunsonga.

Lero tsamba ndine.

Ndikadzuka, pamkeka pali gaga
ngati wina amapetera pomwepo usiku.
Miyendo mbuu!
Ndikalemba ndi chikhadabo pantchafu
dzina limatuluka lonse, Lifeyo,
ngati pasileti ya mwana woyamba sukulu.

Zinayamba ndi kapiritsi koyera aka, kam'mawa,
kothamangitsira munthu kuseri kwa nyumba
kasanu dzuwa lisanafike pamutu.
Mtima unali utatopa kupopa,
madzi n'kudikha m'miyendo
ngati dambo la Bua mwezi wa Febuluwale.
Kapiritsi kanatsegula ngalande.
Koma ngalande sisankha madzi:
inatenga a m'mapazi, inatenganso a pakhungu.

Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi
mnzanga anandisasa paphewa,
pajekete yanga yakuda ija,
amvekere, "Mwadzera kuchigayo, akulu?"
Anaseka. Nanenso ndinaseka.
Nditafika kunyumba ndinabisa botolo kuseri kwa wailesi,
masiku asanu ndi limodzi osalitsegula.

Khungu silinabwerere.
Chinabwerera ndi phuma.
Nsapato zinandikana,
ndinagona chokhala, nditatsamira thumba la chimanga,
mpweya ukudontha pang'onopang'ono
ngati mjigo wa mu Okutobala.

Kuchipatala cha paboma a Chimphako sanakalipe.
Anadina chala pamsongolo wanga,
kadzenje n'kutsala pomwepo,
tonse awiri n'kumakayang'ana.
"Kutuwa sikunaphepo munthu, bambo.
Koma wam'chifuwayu akanyanyala, sabwerera."
Analemba m'kabuku kanga, osadzutsa mutu:
kapiritsi musadzakasiyenso osandifunsa;
sopo wochapira musiyireni malaya;
madzi akhale ofunda chabe, simukusosola nkhuku;
chinkhupule chiyambe chapuma.
Ndipo muzidzola thupi lisanaumiretu.

Lisanaumiretu!
Kodi si ine ndinkakalipira anyamata
akagwira fodya masana dzuwa litalusa?
Ndinkati dikirani m'bandakucha,
mame alowe m'chigafa,
tsamba lifewe, ligonje, lisayoyoke m'manja.
Nzeru ndinali nayo.
Ndinangoiiwala kuesiteti pamodzi ndi magambutsi.

Tsono Juni uno, mwera ukulasa m'mipata ya bafa la udzu,
ndimasamba chothamanga.
Thaulo ndimangoligusitsa pathupi, osakhula.
Vaselini pachikhatho, kadontho ka giliserini,
mwezi ukatalika, mafuta a nsatsi
omwe a Nachisale amagulitsa m'timabotolo pamsika.
Zigongono, mawondo,
zikang'a za kuchidendene zomwe zimamwa ngati nthaka ya chilala.
Zikhadabo ndinawenga mpaka pamnofu
kuti ndisamadzilime ndili m'tulo.
Gaga wachepa. Sanathe.
Jekete yakuda ndinayambanso kuvala.

Pamatsala malo amodzi,
pakati pa msana, m'munsi mwa mapewa,
pomwe dzanja silifika
ngakhale ulipinde chotani.
Pamenepo panali pa Elube.
Chaka chino ndi chachitatu ali kumasano.

Ndinang'amba kansalu
pachitenje chake chobiriwira, cha kumaliro ndi kuukwati,
ndimakapaka mafuta,
kukaponya kumsana,
nsonga iyi kumanja, iyo kumanzere,
n'kumakoka, uku, uku,
ngati ocheka matabwa awiri
pomwe mnzake sanabwere.

Kamayesetsa. Kamaphonya pang'ono.
Iye ankadziwa poyabwa ndisananene,
ankafika ndi zala zozizira
akundiuza mtengo wa feteleza.

Ndikamaliza ndimakapinda kansaluko,
kukaika pambali pa wailesi.
Kenako kapu ya madzi, mlingo womwe anandiuza,
kapiritsi palilime,
dzanja pachifuwa kumvetsera ngati akadali pantchito.
Alipo. Akupopa.
Ndimavala patapata,
ulendo woyamba wa kuseri.