Khoma la ku Beijing, Mpanda wa ku Belele

Dzuwa lili paliwombo, pa saiti ku Belele.
Ndapukutira zala m'thalauza
koma simenti sachoka m'ming'alu ya chikhatho.
Foni yanjenjemera m'thumba.
Ndi Tikambenji, mwana wanga wachitatu,
uja ali ku Beijing kuphunzira za madzi.
Zithunzi zisanu ndi ziwiri. Bandulo yanga ilira lero.

Choyamba, wavala jekete lotupa ngati matiresi,
nthunzi ikutuluka m'kamwa,
kumbuyo kwake khoma likukwawa pamsana pa phiri,
kutsetsereka, kukweranso,
chithunzi chatha ilo lisanathe.

Walemba kuti, Ababa, taonani kukongola.
Ine ndakuza chithunzi ndi zala ziwiri,
nkhope yake ndailambalala, andikhululukire,
ndikufuna mzere wa njerwa.
Wawongoka.
Palibe yotulutsa mimba, palibe yobisala.
Amene anakoka chingwe pamenepa sanali wa dzulo.

Lufeyo wasiya fosholo, wasuzumira paphewa panga,
chinangwa chili kukamwa.
Akuti, nanga wilibala inkakwera bwanji?
Madzi ankatunga kuti?
Ife Nguluyanawambe tingomuyang'ana patali,
wina atati kwezani njerwa pamwamba pake
tingatule pansi zida lisanafike Lachitatu.

Mawu ake abwera, akupuma mwawefuwefu:
akuti wowaperekeza wanena kuti
m'matope ankathiramo phala la mpunga.
Lufeyo waseka mpaka kutsamwa.
Ine sindinaseke.
Ndikuganiza za munthu wovundula phalalo,
m'mimba mukulira,
n'kulithira lonse pakati pa njerwa.

Chachinayi ndi chipata chofiira
chokhomedwa misomali yaikulu ngati zibakera,
mikango yamkuwa, madenga achikasu
opindika m'makona ngati nyanga za ng'ombe.
Akuti kale munthu wamba sankapondamo,
lero ungogula tikiti, n'kuima pamzere.
Wajambulitsa atagwira msomali umodzi,
akuti zimabweretsa mwayi.
Gwira, mwanawe, ugwirenso wachiwiri,
fizi ya mlongo wako sinakwane.

Ndatembenuka kuyang'ana mpanda wanga.
Mizere khumi ndi isanu ndi inayi,
pamwamba tidzabzala mabotolo osweka.
Mwini wake ali ku Joni, timangomumva pafoni.
Geti likadzangolowa m'malo mwake
ine amene ndikudziwa njerwa iliyonse
ndidzagogoda ngati wogulitsa makala,
galu n'kundifunsa dzina.

Chomaliza wajambula pafupi kwambiri.
Njerwa zadzaza maina okandidwa ndi makiyi,
ena m'zilembo zawo zonga timipando,
ena m'zilembo zathu zomwezi,
wina wajambula mtima, walemba ndi chaka.
Onsewo ndi odzaona.
Anakwera ndi botolo la madzi, anatsika ndi chithunzi.

Ndamuyankha ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono,
foni ikukana chala cha simenti:
Wafunsa dzina la amene anamanga?
Wayankha msanga, watchula mafumu,
mibadwo yawo, zaka mazanamazana.
Ayi, mwanawe. Amene anagwira chipande.
Timadontho titatu tavinavina, taleka.
Tavinanso.
Kenako: Sindinafunse, Ababa. Ndidzafunsa ndikadzapitanso.

Folomani Chikadza waimba likhweru.
Matope ayamba kuuma m'beseni,
Lufeyo wawaza madzi, akutembenuza.
Ndakwera pa sikafodi, thabwa likudandaula.
Mphepo ya Ogasiti yanyamula mapepala a shuga
kuwakoleka pa waya wa aneba.

Njerwa yoyamba ya masana
ndaitembenuza, pansi pake ndakanda ndi msomali:
Zakeyu.
Ndaigoneka chafufumimba m'matope,
ndaigogoda kawiri, ndapala zotuluka m'mbali.
Lufeyo wandiona. Sananene kanthu.
Wandipatsira ina,
n'kutambasula dzanja kupempha msomali.