Yodziwa Kunong'ona

Chipinda changa ku Osaka ndi cha mphasa zisanu ndi imodzi.
Ukayetsemula pakhomo, zenera limayankha.
Ndinalowamo chisanu chili pakati,
nditagulitsa nyumba ya ku Sakai ndi zolemera zonse,
ngakhale masipika awiri aja, aatali ngati ana a sukulu,
amene Fumie ankawapukuta Loweruka lililonse akung'ung'udza.

Shelefu ndinaiyeza ndi chingwe cha phukusi,
mfundo apa, mfundo apo,
kuchokera pachigongono kulekeza pachala chapakati,
nditachotsera malo a chithunzi chake
ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso.
Chingwecho m'thumba la jekete, ine pa sitima ya ku Nipponbashi.

M'sitolo yoyamba mnyamata wa tayi
anandiwerengera manambala ngati ndadzagula injini.
Atapotokola batani, magalasi anga anavina pamphuno.
Ndinati, mwanawe,
zaka makumi atatu ndi zinayi ndayendetsa sitima zapansi pa nthaka,
phokoso ndinadya, ndinakhuta, lina likadali m'khutu lakumanzereli.
Khoma langa ndi lopyapyala ngati chikope.
Kuseri kwake kumagona namwino wa usiku, mayi Shiraishi,
amene amabwera ine ndikutsuka mkamwa
n'kugona dzuwa lili pamutu.
Mnyamatayo anawerama mwaulemu, maso ali kale pa kasitomala wina.

Yachiwiri sindinalowe. Inkathwanima kwambiri.

Yachitatu inali pamwamba, makwerero opapatiza,
fungo la waya wopsa ndi tiyi wozizira.
Mwini wake, mayi Uemura, sanafunse za ndalama.
Anandilanda chingwe, n'kuyenda nacho bokosi ndi bokosi
ngati telala woyeza makanda.
Zitatu zinakwana.
Anati, musaziyese zikukuwa, bambo,
pokuwa aliyense amaoneka wamphamvu.
Tsitsani. Tsitsaninso.

Ndinatulutsa chimbale chimene ndinabwera nacho.
Yoyamba nditaitsitsa, besi inathawa,
woimba n'kutsala yekha ngati ali m'chitini.
Inayo inali ndi kanyali kobiriwira kophethira
koti usiku kakanandiyang'ana mpaka mbandakucha.
Yotsala inali yakale, yokalika pakona imodzi,
timasipika tathabwa ngati mikate iwiri.
Ndinaitsitsa mpaka batani litatsala pang'ono kugona,
koma ndinamvabe chala chikutsetsereka pa nsambo,
ndinamva mpweya umene woimba amakoka
mawu asanabadwe.
Pamenepo ndi pomwe Fumie ankaimitsa nsanza m'mwamba,
kudikira.

Sindinanene kanthu. Mayi Uemura anayamba kukulunga.
Musiyeko zala zinayi kuchokera kukhoma, anatero,
ndipo pansi muyalepo kansalu kokhuthala,
shelefu ndi kazitape, imakaulula zonse kwa aneba.
Mtengo unapitirira umene ndinalemba pachikhatho.
Nsomba ya mwezi uno yapita, ndinaganiza,
ndipo ndinalipira.
M'sitima ndinailera pamiyendo, anthu akundipanikiza.

Masiku awiri inaimba motsitsa, ine khutu lakumanja kushelefu.
Lachitatu masana, khoma linati go, go, go.
Mtima unati phaa. Ndinazimitsa,
ndikukonza kale mawu opepesa ndi bokosi la maswiti.
Kenako pachitseko.
Mayi Shiraishi, tsitsi lili nyankhalala, maso ofiira,
mzere wa pilo uli patsaya.
Bambo Kuwabara, mwazimitsiranji? Inali pakati.
Ndimangomva theka, ndipo theka ndilo likundisowetsa tulo,
ndimakhalira kulondola nyimbo yolowa ndi kutuluka.
Kwezani pang'ono. Pang'ono pokha.

Ndinakweza kamzere kamodzi.
Anaima pakhomo, mutu utapendeka, kenako anagwedeza n'kupita.
Pa batani ndinaikapo kadontho ka inki
kuti mawa ndisaiwale malo ake.
Chingwe chija chikadali m'jekete.
Dzulo ndinachipeza pofunafuna tikiti,
mfundo zake ziwiri zili chimangire.