Mgolo wa Nsanjika Yachisanu ndi Chiwiri

Masamba atafiira psuu m'mapiri a Kentucky
ndinakwera nyumba ya migolo mpaka pamwamba penipeni,
nyundo yamtengo kudzanja ili, chotungira chamkuwa kudzanja ilo.
Kuno chisanu chimaluma ngati galu wosauwa,
chilimwe chimawotcha malata mpaka misomali kudandaula,
ndipo mgolo umapuma monga munthu:
kukatentha, wisiki amalowerera m'thabwa la thundu,
kukazizira amabwerako, atavala mtundu wa uchi wopserera.

Mgolo uwu anadzaza ndi bambo anga, Lemuel Gaither.
Choko chawo chikadalipo pachivundikiro,
manambala opendama ngati mpanda wakale.
Analowetsamo madzi oyera mbee, olusa, onunkha chimanga,
nati, "Tionana pakatha zaka khumi ndi ziwiri."
Iwo anafika zisanu ndi zinayi.

Ndinagogoda pamimba pake. Unayankha ndi mawu a mphako.
Theka lapita.
Amati ndi gawo la angelo, nthunzi yothawa m'ming'alu,
yomwe imadetsa makoma bii, ndi mitengo, ndi zikwangwani za pamsewu.
Bambo ankaseka: "Angelo a kuno ndi zidakwa,
ndipo sanalipirepo msonkho chiyambire."

Pansi, mu ofesi, muli buku lotsekeredwa m'galasi.
Alendo amalijambula ndi mafoni, osaliwerenga.
Ine ndinaliwerenga.
Pakati pa bulu mmodzi ndi matumba makumi anayi a chimera
pali mzere wa inki yofwifwa:
Cato, wodziwa kutcheza, wabwerekedwa kufikira Khirisimasi.
Ndalama inapita kwa mwini wake.
Dzina la bambo ake palibe, manda ake sitiwadziwa,
koma kakomedwe ka phala lowawasa,
kusiya masese a dzulo kuti adzutse mowa wa lero,
pabanja pathu timati tinaphunzira kwa iye.
Pabotolo pali nkhope ina, ya ndevu zoyera,
yomwe sindikhulupirira kuti inapsapo chala ndi mkuwa.

Pamene boma linaletsa mowa dziko lonse,
Vesta, amayi awo a agogo, anasamukira kukhwawa,
natcheza usiku, utsi n'kumaubisa m'nkhungu.
Apolisi anadula mphika wake ndi nkhwangwa kawiri.
Kachitatu mmodzi wa iwo anabwera yekha, chipewa m'manja,
ati mkazi wake akutsokomola.
M'tauni olemera ankagula wawo kwa dokotala, ndi kalata,
matenda awo osachira mpaka lamulo litafa.

Ndinamenya chitsekerero, phu!
Fungo linatuluka ngati munthu wotopa kudikira:
makala, vanila, chikopa cha nsapato zonyowa,
ndi china chimene ndilibe nacho dzina,
cha malaya a bambo akamalowa pakhomo madzulo.
Ndinatunga. Ndinayang'anitsa pa kuwala kwa zenera.

Ntchito yanga ndi kulawa n'kulavula.
Migolo makumi atatu patsiku, lilime lokha ligwire ntchito,
pakhosi pasadutse kanthu.
Bwana Pruitt ankadikira pansi ndi pepala lake,
galimoto ikulira, oda ya Disembala ikumutentha.

Sindinalavule.

Unatsika pang'onopang'ono, moto woleza mtima,
chimanga cha m'munda womwe lero ndi malo oimika magalimoto,
madzi odutsa m'miyala ya laimu,
mtengo womwe unaphuka Vesta akadali kamtsikana.
Zonsezo m'kakapu kosakwana chikhatho.

Wapsa. Ndikudziwa kuti wapsa.
Mawa akanamutsanulira pamodzi ndi migolo mazana awiri,
dzina lake n'kusungunuka ngati la Cato.
Ndinabwezera chitsekerero, ndinamenya katatu,
ndinatenga choko m'thumba
n'kulemba pansi pa manambala opendama aja:
Sanafike. Chaka china.

Angelo amwe ndithu.
Potsika masitepe ndinamva matabwa akulira kumbuyo kwanga,
ndipo sindinacheuke.