Mpata wa Dinizi

Unkati nyimbo siikhala m'phokoso,
imakhala mumpata
umene mabogi a malasha amasiya
pakati pa gwede ndi gwede
sitima ikamanyamuka pa Moatize.
Ife tinkaseka, Dinizi Kambalame,
tinkati dzuwa la kuno lakuphika bongo.

Udali wopaka girizi kunjanji,
zikhadabo zakuda ngakhale Lamulungu.
Woyendetsa sitima wina wa ku Beira
adakusiyira mbale ya galamafoni
ngati chikole cha ngongole ya mowa,
yopanda chikuto, dzina lofufutika,
ndipo sadabwerenso.
Udaimvera mpaka singano idabuntha.
Udati, "Iyi amati fanki,"
motsitsa mawu,
ngati ukutchula mwana wobadwa usiku womwewo.

Gitala ya bezi udandisemera ndiwe:
thabwa la chitseko chotayidwa kuseri kwa sitolo,
nsambo za waya wa mabuleki.
Ine ndinkafuna kuthamangitsa zala
kuti atsikana aone.
Udandikwapula padzanja ndi kamtengo ka ng'oma.
"Katatu basi, Kositantino.
Katatu, kenaka khala chete.
Cheteyo ndiye adzadzutse anthu m'mipando."

Tidali asanu ndi awiri, Makala Amoto,
malaya ofiira osoka mlongo wako Felizimina
kuchokera ku makatani akale a kalabu ya anjanji.
Wophonya kugunda sunkamukalipira.
Ankangodziwa yekha
kuti batire la lole alisenza ndiye
kuchokera pakalabu mpaka kwanu, kutsidya kwa msika.
Ndidalisenza kasanu ndi kamodzi,
phewa ili likadakusungira mlandu.
Ndinkadana nawe Lolemba,
Loweruka n'kukukhululukira
ukangoti "Haa!"
ng'oma ndi bezi n'kugwera pamodzi ngati chitseko cha ndende,
anthu a mumgodi, fumbi likadali m'makutu,
n'kuyamba kuthyola mawondo
ngati alibe ntchito m'mawa.

Kenaka nkhondo.
Sitima idaleka kubwera, njanji idamera udzu.
Zefaniya wathu wa lipenga
adakwera lole ya pamzere woperekezedwa ndi asilikali,
akuti akaone mayi ake ku Zobwe.
Sadafike.
Lipenga adalisiya kwanu, pansi pa bedi.
Udaliika pampando, kutsogolo kwa tonse,
ndipo pamene iye ankalowera m'nyimbo
udaletsa aliyense kuikapo kanthu.
Mpata udakula.
Anthu ankavina momwemo,
mapazi okha akumveka pasimenti,
ena misozi ikutsika osaipukuta.

Kaseti tidajambula imodzi yokha,
m'chipinda cha mphunzitsi, mawindo otseka ndi matiresi.
Wailesi ya mlamu wako idaitafuna.
Udaikulunga ndi pensulo usiku wonse,
koma pakati pa nyimbo yachitatu
mawu ako amamira ngati munthu m'Zambezi
n'kutulukira patsogolo, akupuma movutika.

Migodi itatsegulidwanso
kudabwera malole aatali kuposa tchalitchi
ndi anyamata oimba ndi makina a m'thumba.
Ankakudutsa pakhonde, "Bwanji madala,"
osadziwa kuti kudumpha kuja kwa nyimbo zawo,
kumene amaima pang'ono chiuno n'kugwa chokha,
kudayambira m'zala zako zagirizi.
Sudawauze.
Makutu adali atagontha kale,
unkamvera sitima ndi zidendene,
phazi lopanda nsapato pansi pouma.

Dzana takuika.
Tatsala awiri, ine ndi Alubino wa ng'oma,
amene tsopano manja amanjenjemera osapemphedwa.
Bambo mfumu ali pakati pa pemphero
sitima ya malasha idadutsa kuseri kwa manda,
yaitali, mabogi osawerengeka,
ndipo adangoima, buku lili m'manja,
kudikira kuti ithe.
Palibe adayankhula.
Ndidapeza zala zanga zikugunda pantchafu,
katatu,
n'kuleka.
Ndidayang'ana Alubino.
Nayenso adali ataleka pamalo pomwepo,
ndipo palibe wa ife adzasenze batire.