Dzuwa la Disembala

Nyumba yanga yoyamba inali ya katoni,
yotalika ngati chikhatho.
Ndinachezera nayo usiku wonse ku Sheffield
pa tebulo lonunkha guluu,
chala chili m'pulasitala
poti mpeni susiyanitsa katoni ndi munthu.

Ndinaizunguliza khonde,
denga ndinalitsitsa mpaka m'maso,
mazenera tating'ono tobisala mumthunzi.
Ndinkadziwa chomwe ndinkachita.
Kwathu ku Nchalo
nyumba yaulemu ndi imene imakaniza dzuwa pakhomo.

Mayi Holroyd anaweramira nyumbayo,
nayatsa tochi ya foni yawo,
naiyendetsa pansipansi, m'mphepete mwa tebulo.
"Ili ndi dzuwa la Disembala.
Tandiuza, Msekiwa, lilowera pati?"
Anzanga khumi ndi anayi anayang'ana nsapato zawo.
Ndinasuzumira pakakhomo:
mdima wa ndiwe yani.
Ndinali nditagawa mthunzi
kwa anthu opemphetsa kuwala.

Chaka chachiwiri ndinaphunzira kulitchera dzuwalo,
kulidikirira kumwera kumene limakwawa ngati wodwala msana.
Ndinajambula laibulale pa bwinja la fakitale ya mipeni,
galasi kuyambira pansi mpaka kudenga.
Anaiyamikira.
Mpaka lero ili pansi pa bedi langa,
ikuwerengedwa ndi fumbi.

Kenako ntchito.
Ofesi ya anthu asanu ndi awiri
pamwamba pa sitolo ya makapeti.
Ndinakwera masitepe nditasenza nsanja m'mutu,
iwo anandipatsa zitseko.
Zitseko zana limodzi ndi khumi ndi ziwiri
za kachipatala ka ku Rotherham:
ichi chitsegukire kumanja,
ichi chipirire moto kwa theka la ola,
ichi chilole njinga ya olumala kudutsa osakhula chigongono.
Amayi pafoni Lamlungu:
"Wamanga zingati tsopano?"
"Ndikadali pa zitseko, amayi."
Chete pang'ono.
"Usaiwale maloko."

Tsiku loyamba kumalo omangira
anandibwereka jombo za munthu wina,
mapazi anga akusambira m'katimo.
Declan, zaka makumi atatu akuyala njerwa,
anatulutsa pulani yonyowa m'thumba.
"Mzere uwu wajambula ndani?"
Ndinafuna kunamizira kompyuta.
"Ine."
"Paipi yako ikudutsa pomwe pali mtanda wachitsulo.
China chisamuke.
Ine madzi sindingawapemphe kukwera phiri."

Sanaseke.
Anandithirira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki,
nachotsa pensulo kukhutu,
najambula pakhoma losapaka
zimene zaka zitatu za sukulu sizinandiuze.
Ndinakumbukira amalume a Nyozani,
chingwe ndi diso basi,
akuponda matope a njerwa buluku atapinda.
Papepala mvula sigwa.

Chinthu chimodzi chokha ndinachimenyera nkhondo:
chogwirira cha panjira yotsetsereka yolowera m'chipatalamo.
Anafuna chachitsulo, chotchipa.
Ndinati chitsulo m'Januwale chimaluma,
wodwala asalandiridwe ndi mano.
Makalata asanu ndi limodzi.
Bwana anapukusa mutu, napukusanso,
nasaina.
Thabwa.

Loweruka lapitali ndinakwera basi kukachiona.
Ndinaima tsidya la msewu, manja m'jekete,
ngati munthu wodikira ngongole.
Kunabwera bambo wina wokalamba,
mwendo umodzi ukutsalira,
anaika dzanja lopanda gulovu pathabwa lija,
nakwera,
pang'onopang'ono,
osaliyang'ana n'komwe.
Chitseko nambala wani chinatsegukira kumanja
monga ndinachiuzira.

Palibe pamene palembedwa dzina langa.
Mamita asanu ndi anayi a thabwa,
ndiyo nyumba yanga yonse ku Mangalande.
Basi yobwerera inachedwa.
Cha m'ma thili koloko mitambo inang'ambika pang'ono,
dzuwa la Disembala lija, lokwawa,
linafika pachogwirira,
n'kutsamira.